Mmene mungaulutsire bwato lanu pa Mtakataka

Nkhafi yakutopetsani, petulo wa injini nayenso sakugwirika? Ulutsani bwatolo. Mphepo ndi yaulere, mpaka lero palibe amene waiikira msonkho.

Yambani mwaonerera vuwo. Mbalameyi ikamauluka chokhudza madzi siikupiza mapiko pafupipafupi, chifukwa mpweya wopanikizika pakati pa phiko ndi madzi umainyamula. A ku Soviet Union anaitola nzeruyi: mu 1966 Rostislav Alexeyev anaulutsa chingalawa cha matani oposa 500 pamwamba pa nyanja ya Caspian. Icho chinali ndi mainjini a jeti 10. Inu muli ndi matumba a feteleza, ndiye sokani thanga, khomani mapiko a matabwa uku ndi uku.

Tsopano kavuto kakang'ono. Thanga limakoka bwato chifukwa pansipo madzi amakhala akukaniza kuti lisaterereke cham'mbali. Mukangosiyana nawo madziwo, mphepo ikutengani ngati jumbo ya pamsika wa Golomoti. Munanyamuka wa ku Monkey Bay, mukatera m'chimanga cha eni ake ku Chipoka, mlandu n'kuyambika.

Mankhwala ake ndi kusiya mwendo umodzi m'madzi. Paul Larsen anatero mu 2012 ku Walvis Bay, Namibia: bwato lake la Vestas Sailrocket 2 linathamanga makilomita 121 pa ola, chipsepse chake chili m'madzi. Bwato lake loyamba linadzuka mphuno n'kugudubuzika m'malere mu 2008, koma zimenezo musawauze akunyumba. Ngati chipsepse mulibe, mwendo wa alamu anu ungathandize. Ng'ona mukambirane nazo dzulo lake.

Chatsala ndi nyengo. Mapiko amafuna nyanja yabata ngati madzi a m'mtsuko, pamene thanga limafuna chimphepo. Choncho pemphani mwera wa mu Julayi kuti ubwere wokha, mafunde uwasiye ku Mangochi. Mupemphe mwaulemu, mwagwada, pakuti nyanjayi ikakwiya simva za munthu: sitima ya Vipya, yachitsulo, inamira mu Julayi 1946.

Bwatolo lisalemere. Tsitsani chilimira, nyali, nsima ndi usipa womwe. Mukafunsa kuti nanga kunyanjako mukukatani, ndiye kuti chitukuko simunachimvetse.

Ulendo woyamba, abale, nkhafi musaisiye kumtunda.