Mlingo wa Ulemu wa Mlendo m'Tambula ya Sobo

M'boma la Mchinji, lomwe atsamunda ankalitcha Fort Manning ndipo limachita malire ndi Zambia pa Mwami, mawu akuti Fanta ankaimira chakumwa chilichonse cha thovu chotuluka m'botolo, kaya Coca-Cola, Cocopina kapena Cherry Plum, ndipo mwana wa m'zaka za m'ma 1980 ankachilawa pa Khirisimasi, pa ukwati, kapena akadwala. Njira yachitatuyi inkachititsa kuti malungo, ngakhale anali matenda oopsa, azisiriridwa ndi abale a wodwalayo, moti ena ankayamba kunjenjemera atangomva kulira kwa chitsekerero.

Koma chida chenicheni choyezera ulemu wa munthu chinali Sobo, dzina lofupikitsidwa kuchokera ku kampani ya Southern Bottlers, lomwe limatanthauza madzi a malalanje okhathamira amene samwedwa asanathiridwe madzi. Popeza mayi wa pakhomo ndiye ankagwira jagi, iye yekha ndiye ankagamula za udindo wa aliyense wokhala pampando. Apongozi ndi abusa ankalandira tambula yofiirira bwino yomata milomo, alamu ankalandira yooneka ngati dzuwa la m'mawa, pamene ana ankapatsidwa madzi amene anangomva mbiri ya Sobo ali patali. Mlendo wanzeru sankafunsa ngati akukondedwa pakhomopo, chifukwa yankho ankaliona poyang'anitsa tambula yake pawindo.

Mlendo wopatsidwa botolo lathunthu la Fanta anali ndi mangawa osalembedwa, otchedwa kusiyira ana, kutanthauza kuleka kumwa chakumwa chikatsala zala ziwiri pansi pa botolo. Anawo, amene anali atathamangitsidwa kuti akasewere panja, ankalondera mwambowu kudzera pa mng'alu wa chitseko, akuwerenga kukwera ndi kutsika kwa kholingo la mlendo mosamala kuposa mmene ankawerengera masamu a kusukulu. Malume amene ankapendeketsa botolo mpaka dontho lomaliza, kenako n'kugeya mokhutira, ankapatsidwabe moni wogwada, koma dzina lawo linkasungidwa mumtima kwa zaka zambiri, ndipo katundu wawo ankalemera modabwitsa pa tsiku lowaperekeza kokwerera basi.

Botolo lopanda kanthu nalonso linali chuma, chifukwa mwini golosale, kaya pa Boma, pa Kamwendo kapena pa Kapiri, sankalola botolo lake kuchoka popanda kusiya lina, choncho wogula ankamwera pakhonde, pang'onopang'ono, chizindikiro cha botolo chitayang'ana kumsewu. Mwana womwa Cherry Plum ankayenda lilime lili kunja kuti mudzi wonse uone umboni. Zitsekerero zinkathera m'matumba a ana a Sitandade 1 monga zowerengera.

Malire ankawonjezera ulemu wina, pakuti chakumwa chobwera ndi wachibale wochokera ku Chipata chinkatamandidwa chisanatsegulidwe n'komwe, ngakhale chitatenthedwa ndi dzuwa ulendo wonse. Dongosolo lonseli linagwedezeka ndi kubwera kwa maheu a ku Zambia ndi Frozy wa ku Mozambique, zakumwa za m'mapulasitiki zimene mwana amagula yekha ndi ndalama yotsala pogula sopo, n'kumwa osagwada. Mabotolo ake akatha amatsukidwa, ndipo amabwerera kumsika atadzazidwa thobwa kapena mafuta ophikira.