Galimoto Yahayala Siopa Maenje

Pamsewu wa M1 mwini galimoto sasowa. Akaona dzenje amalizemba ngati munthu amene ali naye ngongole, wailesi atazimitsa kuti amvetsere chomwe chikugogoda kunsiko. Wahayala amangopondapo uku akuimba mluzu, poti matayala ndi a eni. Pazipata za Chingeni ndi Kalinyeke onse amapisa m'thumba.

Koma kafikeni kumudzi ndi Prado yahayalayo. Amalume akumbukira malata, azakhali feteleza, ndipo palibe wofunsa kuti njayani. Pokabweza, mnyamata wapakampani aizungulira mwachifatse, chala n'kuima pokalika pomwe inu simunapaone. Dipoziti yapita! Pamene kagalimoto kanu kokalamba kakakuferani pa Ntcheu, achibale omwewo amakumverani chisoni, mwinanso kukupatsani nkhuku.