Ndifunseko: n'chifukwa chiyani tikuyambira pa dzira?

Pali zinthu zingapo zimene ndikufuna wina andimasulire, chifukwa ine ndaziganizira mpaka mutu kuwawa. Ndimakhala ku Lynnwood, kum'mawa kwa mzinda wa Pretoria, ndipo ntchito yanga ndi ya pabwalo: kutchetcha kapinga, kudulira mitengo, kuthirira maluwa ndi kusesa. Loweruka masana ndimapita kwa mayi wina wachikulire amene amaphunzitsa anthu kujambula m'galaja ya nyumba yake. Tilipo akuluakulu okhaokha, ena a imvi, ndipo aliyense amalowa pakhomo akupepesa kuti iye satha kulemba ngakhale mzere woongoka.

Kodi tinaiwala liti? Mwana aliyense kumudzi amatola kamtengo n'kujambula pansi galimoto, ng'ombe, amayi ake atasenza ndowa, ndipo palibe anamuphunzitsa. Sapepesanso kwa munthu. Nanga zimatheka bwanji kuti munthu yemweyo, ndevu zitamera, azinjenjemera akaona pepala loyera, mpaka kulipira ndalama kuti wina amuuze kuti ayambe? Nditafunsa aphunzitsi, anangoseka n'kundipatsa dzira.

Linali dzira lenileni la nkhuku, ndipo analiika patebulo pafupi ndi zenera. Ine ndinkayembekeza kuti tiyamba ndi mkango, mwinanso nkhope ya munthu. Iwo anati, "Bambo, dziralo lisiyeni. Jambulani mdima umene uli pa dziralo." Ndinaliyang'ana kwa nthawi. Mbali ya kuzenera inali mbee. Chapakati mdima unayamba pang'onopang'ono, n'kufika pamene unada kwambiri, kenako kunsi, kumene ine ndinkaganiza kuti ndiye kwakuda bii, kunali kakuwala kofooka kobwerera kuchokera patebulo. Malo akuda kuposa onse anali kamzere kakang'ono pamene dziralo lagunda thabwa. Mazira ndadya ambirimbiri, ndatola m'zisa, ndagulitsako m'mbali mwa msewu. Kodi kakuwala kameneka kanalipo nthawi yonseyi? Ngati kanalipo, maso angawa ankagwira ntchito yanji?

Chimene chandizunguza kwambiri ndi mawu amene aphunzitsi amabwereza mlungu uliwonse, oti tizijambula zimene tikuona osati zimene tikudziwa. Pamenepa ndiye pandivuta. Tsiku lina anatitulutsa panja kuti tijambule mtengo wa jakaranda. Mtengo umenewu m'kalasi monse palibe amaudziwa kuposa ine. Mwezi wa Okutobala ukamayoyola maluwa, amene amawasesa m'mawa uliwonse ndine. Ndimadziwa mmene amaterera mvula ikawagwera, ndimadziwa nthambi imene ingathyoke ndi mphepo. Koma papepala langa panatuluka chinthu chonga bowa. Mayi amene anakhala pambali panga, woti sanagwirepo tsache la panja, sanajambule nthambi ayi. Anajambula timipata ta thambo timene timaoneka pakati pa nthambi, ndipo mtengo unangotulukira wokha. Kodi kudziwa chinthu kumatseka maso? Kusukulu ankatikwapula kuti tidziwe, kuno akuti tiiwale kaye zimene tikudziwa. Wolondola ndani?

Za zipangizo nazo zili ndi zake. Ine pensulo ndinkaidziwa imodzi, ya HB, ija tinkasongola ndi lezala. Nditapita kusitolo ku Menlyn ndinapeza mtundu wathunthu: 2H, 2B, 4B, 6B. Anandifotokozera kuti chakuda cha m'kati mwa pensulo ndi graphite wosakaniza ndi dongo. Dongo likachuluka pensulo imalimba n'kumalemba motuwa, imeneyo ndiyo H. Likachepa imafewa n'kumalemba mwakuda, imeneyo ndiyo B. Njira yosakaniza imeneyi anaitulukira Mfalansa wina, Nicolas-Jacques Conté, mu 1795. Pashelefu yomweyo panali timitengo ta makala m'kabokosi kokongola. Ndinafunsa aphunzitsi ngati makala a pambaula sangachite. Anati angachite ndithu. Nanga kabokosi kaja tikulipira chiyani?

Koma dongolo ndi limene landikumbutsa kwathu. Agogo anga aakazi, Khirisimasi ikayandikira, ankapita kudambo kukakumba mtsiro wakuda, wofiira ndi woyera, n'kudzazira nyumba, kenako n'kulemba pakhoma mizere ndi maluwa ndi zala zawo. Palibe anawatchulapo katswiri wojambula. Anthu ankangoti agogo azira nyumba. Kuno ku Joni kuli mayi Esther Mahlangu, Mndebele wobadwa mu 1935, amene anaphunzira kukongoletsa makoma kwa amayi ake ndi agogo ake. Amalemba mizere yoongoka popanda lula, burashi yake ndi nthenga za nkhuku, ndipo mu 1991 kampani ya BMW inawapatsa galimoto kuti aipente. Dziko lonse limawadziwa, ndipo n'koyenera. Ine ndikungofunsa kuti malire ali pati pakati pa kuzira nyumba ndi luso. Ndi pamene khoma lasanduka galimoto?

Ndipo si za dzulo ayi. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 amene anthu anajambula pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira akuti ndi za Akafula, zoyera ndi za Achewa, za chinamwali ndi za nyau. Amene anajambula zimenezi anayambiranso pa dzira?

Mlungu wina tinaphunzira za mtunda. Aphunzitsi anati tikaima pa Lynnwood Road n'kuyang'ana kutali, tiona msewu ukunka nuchepa, mapolo a magetsi akunka nafupika, mpaka zonse kukakumana pamalo amodzi. Ndinakayesa, n'zoona. Anati lamulo lojambulira zimenezi analikhazikitsa Filippo Brunelleschi ku Florence kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400. Chabwino. Koma iye asanabadwe, misewu sinkachepa? Anthu onse aja ankayenda maulendo ataliatali, palibe anaona? Kapena anaona koma sankaona chifukwa chojambulira amfumu ang'onoang'ono kungoti aima patali?

Tsopano funso limene ndachedwa nalo. Aphunzitsi anatiuza kuti wophunzira kujambula ayenera kumaona ntchito za ena, choncho ndinapita ku Pretoria Art Museum ku Arcadia. Kumeneko amasunga zithunzi za J.H. Pierneef, mwana wa mzinda uno, wobadwa mu 1886. Mitengo yake ndi yooneka bwino zedi, italiitali, yoima mwaulemu, mitambo itaunjikana kumbuyo kwake. Ndinaima nthawi yaitali ndikusirira. Kenako ntchito yanga inandilowa m'mutu. M'zithunzi zake zambiri mulibe munthu. Minda ilipo, nyumba nthawi zina ilipo, koma wolima ndi wosesa saoneka. Ngati lamulo ndi loti tizijambula zimene tikuona, ndiye kuti bamboyu anthuwo sankawaona?

Ku Pretoria Art Museum komweko amasunganso ntchito za Gerard Sekoto, wobadwa mu 1913, amene anali mphunzitsi wa sukulu n'kusiya choko kuti azijambula, wopanda digiri ya luso. Iyeyu ndiye anthu okhaokha: amayi akucheza pakhomo, ana mumsewu, amuna paulendo wa kuntchito. Kuyambira mu 1945 ankakhala ku Eastwood, komboni ya anthu akuda kum'mawa kwa Pretoria, ndipo ambiri amati zithunzi zake zabwino kwambiri anajambula kumeneko. Mu 1947 anapita ku Paris ndipo anamwalirira kufupi ndi mzindawo mu 1993 osabwereranso kwawo. Eastwood anaigwetsa nthawi ya tsankho, anthu ake n'kuwasamutsa, ndipo dera limenelo lero ndi Garsfontein, kufupi ndi kuno kumene ndimatchetcha kapinga. Ndiye ndithandizeni. Zinatheka bwanji kuti zithunzi za anthu aja zisungidwe mosamala, m'chipinda chozizira bwino, mlonda ali pakhomo, koma nyumba zawo zenizeni n'kuphwasulidwa? Chamtengo wapatali chinali chiti, munthu kapena chithunzi chake?

Nditawafunsa aphunzitsi funso limeneli sanaseke. Anakhala chete pang'ono, kenako anati mlungu wamawa tiyamba kujambula manja, aliyense dzanja lake lomwe. Langa lili ndi zikang'a za fosholo, ndipo akuti zimenezo ndisazisiye.

Abale anga a ku Malawi amene muli ku Sunnyside, ku Mamelodi ndi m'makomo a mabwana kuno kum'mawa, ambirife timadutsa pa takisi kunsi kwa nyumba ija yoyala pamwamba pa Lynnwood Road pa University of Pretoria. Imeneyo ndi Javett Art Centre, inatsegulidwa mu 2019, ndipo m'kati mwake muli zithunzi. Tsiku lina mukapuma tsikani mukalowemo, mutatenga pensulo ndi kope, ndipo amene mupeze mayankho a mafunso angawa mundiuzeko.