Kodi Hitachi ndi mwana wa ndani?

Nthawi imene ankamanga msewu wodutsa pamwamba pa unzake pa Area 18 ku Lilongwe, mkulu wina anatumidwa ndi akazi awo kukagula usipa cha m'ma 9 koloko m'mawa. Anabwerera dzuwa litalowa, fumbi mpaka m'nsidze, m'manja mulibe kanthu. "Bambo a Mphatso, ndiwo zili kuti?" Mkuluyo anapukusa mutu modabwa. "Mayi, inunso. Chimakina chija chinali chisanamalize dzenje. Ndikanachisiya ndi ndani?"

Mnyamata wina anapita kukaonekera kwa makolo a mtsikana, nsapato zikuwala, malaya ositidwa mpaka kolala kuima. Malume a mtsikana anamufunsa ntchito imene amagwira. "Ya katapila, malume. Chaka chachisanu tsopano, ndipo palibe amene anadandaulapo." M'nyumba munangoti zii. Mayi a mtsikana anayamba kupemphera chamumtima. Potuluka, malume aja anamukokera kuseri kwa nkhokwe n'kumunong'oneza: "Mkamwini, K50,000 mpaka pa 30. Koma poika chiwongoladzanja mukumbukire kuti tsopano ndife pachibale."

Kapitawo wina anaimbira foni mnyamata wotsuka magalimoto kuti adzasambitse Komatsu PC200, chimakina cha matani 20 chimene matope anali atachiumira gwaa. Mnyamata sanafunse zambiri. Anatchula mtengo wa minibasi, n'kuwonjezera kuti kupolisha matayala ndi basela. Anafika ndi ndowa, kansanza, burashi ndi kachitini ka polishi. Anachizungulira kamodzi. Anachizunguliranso. Kenako anagwada n'kusuzumira kunsi, kumene kunali matcheni achitsulo okhaokha. "Bwana, ndisanagwire madzi, itanani mboni. Matayala ndapeza ataba kale."

Makaniko anali kalikiliki kusintha mano a chifosholo chokumbira: kugogoda kachitsulo ndi hamala, dzino lakutha kugwa pansi, latsopano kulowa, basi lina. Agogo ena anaima pambali ndi ndodo yawo, kuwerenga mano asanu onse mpaka lomaliza. Atatha anamwetulira, nkhama zokhazokha. "Mwana wanga, dzanja lako ndi lopepuka, wodwala sanalire n'komwe. Ang'onoang'ono ulibe?"

Kumudzi kwina kunafika makina atatu tsiku limodzi: Caterpillar wachikasu, Hitachi wa mtundu wa lalanje ndi Kobelco wobiriwira mokhala ngati buluu. Amfumu anavala jekete msangamsanga, akuti msonkhano wa zipani zitatu sungachitike m'mudzi mwawo iwo osadziwa. Aphunzitsi opuma pantchito anawakhazika mtima pansi. "Amfumu, imeneyi ndi mitundu ya makampani chabe. Wachikasuyu kwawo ndi ku America. Kampani yake inayamba mu 1925, makina ake anali otuwa, ndipo chikasuchi anayamba kupaka mu 1931 mpaka lero." Amfumu anachiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumatcheni. "Kuchokera 1931 osasintha mtundu? Ndiye mwanena zoona, aphunzitsi. Si wandale wa kuno."

Mayi wina anamva amuna awo akuyankhula pafoni kuseri kwa bafa, mawu otsitsa koma okoma. "Amwene, ndamuona Hitachi pa Kanengo. Wasamba lero, akuchita kuwala. Chiuno chija akachizunguza, amatembenuka mbali zonse mapazi osasuntha. Mkono wautali, wosalala, palibe n'chipsera chomwe. Ndamujambula kasanu ndi kawiri." Mayiyo sanakangane ndi munthu. Anangomanga chitenje n'kukaitana ankhoswe a mbali zonse. Madzulo mlandu unayamba. "Andiuze pamaso panu, Hitachiyo ndi mwana wa ndani?" Bambo anatulutsa foni n'kuipereka kwa ankhoswe. A kuchimuna anayang'ana, n'kupatsira a kuchikazi. A kuchikazi anavala magalasi, anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, anakhala kaye chete. Mayi anadikira chigamulo. Ankhoswe anakweza mutu. "Alamu, mwati pa Kanengo mbali iti? Mawa adzakhalapobe?"

Bwana wina analemba ganyu wopaka penti. "Paka paliponse pamene pasuluka. Ndikufuna chioneke ngati changotsika m'sitima ku Nacala." Waganyu anali wakhama. Anapaka mkono, anapaka chifosholo, kenako anaona ndodo zonyezimira zija zimene zimalowa ndi kutuluka pokankha mkono, zimene dalaivala amazipukuta ndi nsalu yofewa kuti zisakandike. Anamva chisoni kuti zasuluka mpaka kuyera, ndipo anazipaka kawiri. M'mawa chimakina chitalira, penti wouma anakadzula malabala a m'kati, oyilo n'kuyamba kuchucha mbali zonse. Bwana anagwira kumutu. Waganyu anamugwira paphewa. "Musadandaule, bwana, ndi misozi ya chimwemwe. Sichinavalepo bwino chonchi."

Mu minibasi ya ku Mchinji, kamnyamata ka zaka zinayi kanaona lole yaitali itanyamula katapila, atamumanga ndi matcheni. Kanatembenuka msanga. "Amayi, chachikulu chonsecho achibereka. Nanga inu mumati ine ndakula bwanji?"

Wamalonda wina, wozolowera kugula magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, anaganiza zogula chimakina chokumba. Anafika ndi mafunso ake a masiku onse. "Chayenda makilomita angati?" Wogulitsa anamuonetsa kawotchi ka m'kati. "Izi sitiwerenga makilomita, bwana, timawerenga maola. Ichi chili pa 9,000." "Nanga chimathamanga bwanji?" "Chikalimbikira, makilomita asanu pa ola." Wamalonda anatulutsa foni, anawerengetsa, n'kubweza makiyi. "Ayi, ndaleka. Munthu amene anachiyendetsa kuchokera ku Japan mpatseniko madzi akumwa."

Dalaivala wina amakonda chimakina chake chokumba cha Volvo kuposa mmene ena amakondera timu ya mpira. M'mawa uliwonse amapopera girizi m'malo onse opindika, amakokolola matope m'matcheni, amapukuta magalasi ndi nyuzipepala, m'kati anayalamo kakapeti ndi kupachikamo kamtengo konunkhira kaja. Polowa amavula majombo pakhomo. Koma kunyumba amalowa nawo majombo omwewo mpaka pabalaza, matope ali mbwee pamene akazi ake angokolopa kumene. Mayi analankhula, anatopa. Tsiku lina anagula kachitini ka penti wachikasu, anapaka chitseko, n'kulemba VOLVO ndi makala. Madzulo bambo anafika, anaima, anavula majombo, anawaika bwinobwino pambali, n'kufunsa: "Mayi, mahinjesi awa munawathira liti girizi?"

Mphwake wa mkulu wina anabwera kutchuthi ndi foni yodzaza zithunzi. "Malume, onani ichi. Dzina lake Bagger 293, chili ku Germany, chimakumba pa mgodi wa malasha. Kutalika kupita m'mwamba ndi mamita 96, kulemera matani 14,200, kutsogolo kuli chigudumu cha zidebe chimene chimangozungulira." Malume anatsegula pakamwa. "Dizilo wake ndiye amamwa madiramu angati?" "Sichimwa dizilo, malume. Chimayendera magetsi." Malume anabweza foni mwaulemu. "Auze asavutike kubwera nacho kuno. Zipilala tili nazo kale."

Mphwake yemweyo anauza waganyu wa pakhomopo kuti ku England kuli malo otchedwa Diggerland, kumene anthu amalipira pachipata kuti akwere makina okumba n'kumakumba maenje mongosangalala. Waganyu anatsamira khasu. "Achimwene, bwerezani. Wokumbayo ndi amene amalipira?" "Eya." "Dzenjelo n'kulisiya pomwepo?" "Eya." Waganyu anapukuta thukuta. "Muwalembere kalata. Kwathu kuli dzenje la chimbudzi, la zinyalala ndi chitsime. Ana ndiwalipiritsa theka."

Ku Bologna m'dziko la Italy, madala opuma pantchito amene amakhala tsiku lonse akuonerera omanga, manja kumbuyo, n'kumapereka malangizo amene palibe wawapempha, ali ndi dzina lawolawo: umarell. Mdala wina wa ku Ndirande atamva zimenezi kwa mdzukulu wake anadziyang'ana: manja kumbuyo, maso pa ngalande, mawu atasasa chifukwa chokuwira dalaivala kuti akumbe chakumanzere. Anakonza chipewa. "Ndiye kuti ndakhala ndikugwira ntchito ya kunja osadziwa. Funsa kumeneko, malipiro ndizikatengera ku banki iti?"

Mlonda watsopano anauzidwa kuti ayang'anire makina usiku wonse, pasasowe kanthu. M'mawa kapitawo anapeza dizilo atapopa, mabatire atachotsa, magalasi oonera kumbuyo atamasula. Mlonda anali chilili, sawasha pachifuwa. "Bwana, anabweradi anyamata anayi. Ndinawaonetsetsa bwinobwino mpaka kumapeto. Chimakinacho sanathe kuchinyamula."

Abusa ena anaona kuti pamene akukumba ngalande pamadzaza anthu kuposa m'tchalitchi mwawo, mpaka ndi akulu ampingo omwe, amene Lamulungu amadwala miyendo. Anapempha dalaivala kuti Loweruka aimike chimakina pabwalo la tchalitchi, achitsuke bwino chiwale. Lamulungu anthu anabweradi, khwimbi lenileni, ena ochokera mipingo ina. Onse anaima panja, misana kuchitseko, akukangana ngati chifosholo chingakwane anthu angati. Abusa anadikira paguwa mphindi makumi awiri. Kenako anavula jekete, anatenga mbale ya chopereka, anatuluka n'kuima pafupi ndi matcheni. "Abale ndi alongo, kuona n'kwaulere. Kugwira ndi K500."

Ine ndathawa, akuti pamphambano atsitsa chimakina chatsopano cha JCB, mapulasitiki adakali pampando. Amene muli ndi foni yojambula bwino tipezane komweko, koma mubwere ndi chipewa chanu chifukwa pamthunzi madala atenga kale malo.