Kabokosi Kochitira Umboni Thukuta

Taonani, pakati pa achinyamata athu ophunzira pabuka mwambo wachilendo, wakuti munthu asavomere kuti m'nyumba mwatentha, chingakhale thukuta likuyenderera pamsana pake, kufikira kabokosi kamene wakalumikiza yekha ndi mawaya katamchitira umboni. M'kati mwake mumakhala Arduino, imene inabadwira ku Ivrea m'dziko la Italy m'chaka cha 2005, kapena ESP32 ya ku Shanghai, yokhala ndi Wi-Fi m'mimba mwake momwe. Ndipo kwa iyo amalumikiza DHT22, kachida koyeza kutentha ndi chinyontho cha mumpweya, kamene, monga nduna yodziwa ulemu wake, sikayankha kawiri masekondi awiri asanathe, ndipo wokafulumizitsa amangolandira yankho lakale lomwe lija. Indetu, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene amisiri atsopano sachizindikira msanga n'chakuti ESP32 nayonso imafunda ikamagwira ntchito, kotero kuti iye amene watsekera ziwirizi m'kabokosi kamodzi kopanda potulukira mpweya, amachezera usiku wonse akuwerenga pa foni malungo a chipangizo chake, m'mawa mwake nadzudzula denga la malata pa mlandu umene silinapalamule.

Inu eni mawaya, DHT22 muiike kunja kwa kabokosi, kutali ndi dzuwa ndi mbaula. Ndipo agogo akanena kuti mvula yayandikira popeza mawondo awo akuphwanya, musawatsutse ndi manambala, pakuti chinyontho cha kuchipinda chogona sichilosera mvula.