Ndalama za agogo, miyendo ya mdzukulu

Banki imakonda kasitomala amene akuyenda yekha. Miyendo ikangokana, chikondi chija chimasanduka mafomu. Agogo ali gone pamphasa ndi nyamakazi, penshoni yawo yalowa, koma wa pakauntala akuti, mwaulemu wonse, "Abwere okha adzasayine." Mukavutika nawo pa kabaza n'kufika, dzanja likunjenjemera, siginecha sikufanananso ndi ija anasayina adakali mphunzitsi wamkulu. Basi, agogo si agogonso.

Njira yalamulo ilipo: kalata ya kwa loya yopatsa wachibale mphamvu zoyendetsa akauntiyo, kapena kupempha banki kuti imulembe ngati wosayinira. Koma loya sadya zikomo, ndipo pena mtengo wa kalatayo umapikisana ndi ndalama zomwe mukufuna kutapazo.

N'chifukwa chake mabanja ambiri amangochita zomwe banki imaletsa: khadi la ATM ndi nambala yachinsinsi amapatsa mdzukulu. Mdzukuluyo, yemwe masamu anamukanika pa JCE, mwadzidzidzi amakhala katswiri wochotsera. Watapa K50,000, kunyumba kwafika mapepala 8 a K5,000, awiri enawo akuti "makina adya". Makina amasiku ano akudya tchipisi, akugulanso mayunitsi.

Ena alumikiza akaunti ndi Airtel Money kapena Mpamba kuti azitapa kwa ejenti wa pagolosale. Zimathandiza ndithu, bola foniyo izigona kunsi kwa pilo wa agogo, ndipo uthenga wa kubanki aziwawerengera ndi mdzukulu wina, makamaka amene samwerana madzi ndi woyamba uja.