Za Makosi ndi Mikanda ya ku City Centre

Makolo athu, amene anali anthu ofatsa mtima ndiponso osadziwa mtengo wa minibasi yochokera ku Chinsapo, anatisiyira mwambi wakuti sunga khosi mkanda uoneka. Ndipo popeza mawu a akulu satsutsidwa ndi ana obadwa dzana, ine sindiutsutsa, koma ndingodandaula pang'ono, modzichepetsa ndi mogwada, kuti akuluakuluwo, pa nzeru zawo zonse zija, anaiwala kutchula tsiku. Munthu akakulonjeza mbuzi amanena kuti ubwere pokolola, ndipo ukaona chimanga chikuuma umayamba kupota chingwe. Koma za mkandawu sanatiuze ngati uoneka chaka chino, kapena khosilo litachita kale makwinya.

Amene akuganiza kuti mikanda inatha ndi agogo athu akaime nthawi ya nkhomaliro pakati pa nyumba ya Reserve Bank ndi Kang'ombe House, ndipo adzaona ndi maso ake amuna ndi akazi akutsika m'maofesi, aliyense atavala m'khosi kachingwe kolendewera chitupa cha ntchito. Umenewu ndiwo mkanda wa m'badwo uno, ndipo ulemerero wake uposa wa mkanda woyera umene ankavala akazi a mfumu. Pakudya nsima kumemo, mwini wake amalowetsa chitupacho m'thumba la malaya kuti chingaviikidwe mumsuzi, koma chingwe amachisiya poyera, kuti wogulitsa adziwe kuti amene akupempha ngongoleyu si munthu wamba. Alipo ena amene amaiwala kuuvula Loweruka popita ku chinkhoswe, ndi enanso amene kuiwala kwawoko kumafika mpaka pamaliro. Tisawaweruze. Mwini nyumba ku Area 18 akauona safunsanso mafunso ambiri, apongozi amagwira nkhuku, ndipo wakatapila amamwetulira monga wopeza mbale wake wotayika.

Tsono pambali pa ovala mikandawa pamayenda mtundu wina, wochuluka koposa, wa osunga makosi. Mudzawazindikira ndi envelopu ya khaki, imene amaigwira m'mphepete ndi zala ziwiri kuopa thukuta. Kusunga khosi masiku ano si ntchito yamasewera, pakuti khosilo lifunika kolala yoyera ndi tayi, ndipo malaya apakaunjika afunika kusitidwa usiku ndi simbi yamakala ngati magetsi achita mwambo wawo. Amene anajambula mapulani a mzinda uno wa Lilongwe, likulu lisanasamuke kuchoka ku Zomba mu 1975, anaika maofesi pakati pa mitengo ndi kapinga, kutali ndi nyumba za anthu osauka, ngati kuti mbadwa iliyonse idzabadwa ndi galimoto. Choncho mnyamata wofuna kusunga ndalama yafotokope amatsika kudepoti ku Old Town, nauyamba wapansi, nadutsa nkhalango ya Nature Sanctuary, nafika pachipata nsapato zitayera fumbi, nazipukuta kumbuyo kwa mwendo wa buluku.

"Mwaswera bwanji, bambo? Ndabwera ndi kalata yofunsira ntchito."

"Ndaswera, mwanawe. Ponya m'katonimo."

"Kodi abwana sindingawaone?"

"Ali kumsonkhano ku Mponela. Ponya m'katonimo, usatseke njira."

Katoniyo ndi yaikulu, inabwera ndi mapepala a muofesi, ndipo yadzaza kale mpaka kukamwa. Kumene makalatawo amapita pambuyo pake ndi chinsinsi cha mlonda ndi Mlengi wake, ngakhale kuti anthu oipa pakamwa amanena kuti anagulapo tchipisi pachiwaya, ndipo atatha kudya anawerenga papepala lonyowa mafuta kuti mwini wake anakhoza bwino masamu ndiponso amagwira ntchito popanda womuyang'anira.

Kale zinthu sizinali chotero. Pamene Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965, ophunzira ake sanakwane ngakhale 100, ndipo mikanda ndiyo inkayenda kusaka makosi, kotero kuti mwana wadigiri ankasankha ofesi asanavule mkanjo. Lero Zomba, Blantyre, Bunda, Mzuzu ndi Thyolo, pamodzi ndi masukulu a mipingo ndi a anthu amalonda, akutulutsa makosi chaka ndi chaka ngati mchenga wa kunyanja, pamene wopota mikanda akadali yemwe uja, ndipo manja ake akunjenjemera. Ndiye muwerenge chidziwitso cha ntchito m'nyuzipepala, mumve nzeru zoposa za Solomo: afuna munthu amene wagwirapo ntchitoyo zaka zisanu, koma akhale wachinyamata. Ndiko kunena kuti mkanda udzapatsidwa kwa khosi lokhalo limene lili kale ndi chipsera cha mkanda, ndipo amene wasunga lake mokhulupirika zaka khumi, monga mwambi unamulangizira, adzauzidwa kuti lakalamba.

Boma, poona chisoni, linayamba mu 2018 kutenga omaliza maphunziro kuti azikaphunzira ntchito m'maofesi ake, umene tingautche mkanda wobwereka: umavala, nujambulitsa, nuika pa Facebook, ndipo nyengo yake ikatha umaubweza. Pa chisankho cha 2020 tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni, ndipo makosi onse m'dziko anatalika nthawi imodzi. Za kuwerenga kwake ndisiyira odziwa masamu, amene sanagwirizane. Chaka chomwecho Unduna wa Zaumoyo utaitana anthu kuti angofika okha kudzayesedwa, khamu linapondana ku Mzuzu, ndipo ambiri amene anabwera kudzafuna ntchito yakuchipatala analowamo ali odwala. Apo kuseka kumandithera.

Palinso nkhani ina imene imanenedwa monong'ona m'minibasi, ndipo ine ndiinena motsitsa mawu: akuti mikanda ina imapotedwa atayeza kale khosi lake, ndi kuti khosi lokhala ndi malume ku Area 43 silichedwa kuoneka. Ena onse amaitanidwa kuintavyu kuti mwambo ukwanire, nafunsidwa mwaulemu kumene akudziona zaka zisanu zikubwerazi, iwo asakudziwa kumene adzadye usiku womwewo. Nchifukwa chake ena atopa nako kusunga, natenga makosi awo kunka nawo ku Joni, njira imene agogo awo anaiponda pa Wenela. Ena anakwera ndege mu November 2023 kukalima minda ya ku Israel. Ndipo ena anapinda digiri bwinobwino, naiika pansi pa matiresi, nagula chipewa cha kabaza.

Koma chimene mwambi unabisa koposa, ndipo pano ndiye ndikuwakayikira makolo athu kuti anachita dala, nchakuti mkandawo ukaoneka umathina. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro osasuntha msanga, ndipo bwana wovala chitupa, amene kumudzi amamutchula m'mapemphero ngati Yosefe wa ku Aigupto, amafika pa 10 mwezi m'thumba muli mbee, foni ikulira za fizi, za feteleza ndi za bokosi la maliro. Chipulumutso chake ndi alawansi, ndipo ndicho chifukwa chake nzeru za maofesi a mu Lilongwe sizitseguka mu Lilongwe momwemo, koma zimadikira mphepo ya ku Mponela kapena ya kunyanja ku Salima.

Bwana uja akakwanitsa zaka 60, amamuchitira phwando la Fanta ndi mabisiketi, namuyamikira kukhulupirika, ndipo mesenjala amamutsatira pakhomo kudzalandira chitupa. Mwezi wotsatira mudzamupeza pabenchi pafupi ndi mlonda uja, akudikira fayilo ya penshoni imene ikusakidwabe, pambali pake patakhala mnyamata watayi amene wabwera kudzafunsa ngati mpando wa mkuluyo unalowedwa kale. Amacheza bwino ndithu mpaka 4 koloko, ndipo podzuka mkuluyo amatsokomola pang'ono, nati: "Mwana wanga, ungandithandizeko yaminibasi? Ndidzakubwezera zanga zikatuluka."